Mwana ndi wanu, inde, koma kukamutenga mozemba ndi mlandu

Maganizo anga pa khalidwe lomwe lafala muno mu Lilongwe banja likatha. Mwana akukhala ndi mayi ake ku Area 25, bambo ali ku Kawale. Lachisanu masana bambo atulukira pageti la sukulu ndi Fanta m'manja, auza aphunzitsi kuti "mayi ake andituma", akwera naye kabaza. Madzulo foni yazima. Pofika Lolemba mwana ali kwa agogo ake kumudzi, yunifolomu ili m'jumbo. Amayi enanso amachita zomwezi, ndipo azakhali ndi amalume ndiwo amatumidwa kawirikawiri.

Mukawafunsa amayankha kuti "ndingabe bwanji magazi anga?" Ena amati ndinapereka lobola, ena amati kwathu ndi chikamwini, ana ndi a mbumba. Koma lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, limatchula zinthu zitatu: kutenga mwana, kumukaniza kubwerera, ndi kumubisa popanda chilolezo cha kholo kapena munthu amene akumusunga mwalamulo. Chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Chachiwiricho, chomukaniza kubwerera, anthu sachidziwa. Munapatsidwa mwana paholide mwamtendere, sukulu yatsegulira, inu mukuti sabwera. Pamenepo mwalowa kale m'madzi, ndipo ngati panali chigamulo cha khoti mwawonjezapo kunyoza khoti.

Vuto lenileni ndi loti mabanja ambiri amasiyana pakamwa. Ankhoswe akhala pamkeka, agwirizana kuti mwana akhale kuchikazi, bambo azimuona, nkhani yatha. Azimuona liti? Kwa masiku angati? Wokamutenga ndani? Palibe analemba. Tsiku la mkangano mukafika ku Victim Support Unit, wapolisi apeza makolo awiri, aliyense ndi nkhani yake, popanda pepala loti aligwire. Ankhoswe sindikuwanyoza ayi, amazimitsa moto wambiri, koma zomwe agamula zikapitirire ku khoti la ana zikakhale chigamulo.

Ndipo kumeneko musakavomere mawu oti "aziona mwana nthawi yoyenera". Pemphani zilembedwe mwatchutchutchu: Loweruka liti pamwezi, kumutenga 8 koloko m'mawa ndi kumubweza 5 koloko madzulo, malo opatsirana, holide iti kwa yani, Khrisimasi mosinthana, komanso kuti asatuluke naye m'boma la Lilongwe kapena m'dziko popanda kalata ya mnzake. Kope imodzi ikakhale kwa mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mayina a anthu ololedwa kumutenga. Chiphaso chobadwira cha ku NRB, kabuku ka kuchipatala ndi pasipoti zikhale kwa amene akusunga mwanayo. Za malire musazitenge mopepuka: Mchinji ndi Dedza ndi ulendo wa maola ochepa, ndipo Malawi sali m'pangano la ku Hague la 1980 lobwezera ana otengedwa mozemba, choncho mwana akaoloka, kumubweza ndi ntchito yaikulu.

Khoti limayang'ana ubwino wa mwana, osati amene ali ndi galimoto. Limaganizira msinkhu wake, makamaka kufunika koti wamng'ono akhale ndi mayi, limamva maganizo a mwanayo, ndipo silikonda kulekanitsa ana a mimba imodzi kapena kumusamutsasamutsa. Ndiye amene wamuchotsa pasukulu pakati pa teremu wadziononga yekha mlandu usanayambe. Ngati mukuona kuti mwana akuzunzidwa komwe ali, imbani 116 kapena pitani ku ofesi ya Social Welfare ndi kupolisi tsiku lomwelo, kenako mukapemphe khoti lisinthe chigamulo. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau.

Inunso osunga mwana, lekani kumusandutsa chikole. Bambo sanatumize fizi, ndiye geti mwatseka, foni mwabuloka. Ndalama ya chisamaliro ndi mlandu wakewake, kasumeni pawokha. Mukamatseka geti pomwe chigamulo chikuti Loweruka ndi lake, wonyoza khoti ndinu.

Mwana akatengedwa, musadikire kuti maliro kapena ukwati ukukumanitseni. Kanenani kupolisi tsiku lomwelo mutatenga kope ya chigamulo, chithunzi cha mwanayo chaposachedwa, mauthenga a pa WhatsApp ndi dzina la mphunzitsi kapena mlonda amene anaona akutengedwa.