Pa South Downs yambirani ku Southease

Maganizo anga kwa abale a ku UK amene mukufuna kukawongola miyendo kumidzi ya ku Sussex: musathamangire ku Seven Sisters, maphompho oyera a m'mphepete mwa nyanja, komwe anthu amachita kupondana pojambula zithunzi. Kwerani sitima ya pakati pa Lewes ndi Seaford, mutsike pa Southease, muyende wapansi mpaka ku Alfriston. Ndi makilomita pafupifupi 11, maola atatu kapena anayi osathamanga, chidutswa chabe cha South Downs Way, njira yapansi yodutsa m'zitunda za South Downs, imene yonse ndi makilomita 160 kuchokera ku Winchester mpaka ku Eastbourne.

Musanakwere phiri, wolokani kaye mtsinje wa Ouse mukaone tchalitchi cha Southease. Nsanja yake ndi yozungulira ngati nkhokwe, ndipo zotere m'Sussex monse zilipo zitatu zokha. Mukatero bwererani kusiteshoni, muyambe chitunda cha Itford. Pamenepo ndiye potulutsa thukuta. Mukangofika pamwamba njira imangoyenda pamsana pa phiri kudzera pa Firle Beacon, nsonga yotalika mamita 217, nyanja ikuonekera kudzanja lamanja. Ndikuti mulowere kum'mawa chifukwa mphepo kawirikawiri imachokera kum'mwera chakumadzulo. Ikukankheni kumbuyo, isakumenyeni kumaso.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi nthaka. Zitunda zimenezi ndi za choko, mwala woyera umene timaudziwa pa bolodi. Mvula ikagwa imalowa pansi msanga, n'chifukwa chake pamwamba palibe mtsinje. Palibenso golosale, ndipo mthunzi ndi wosowa. Nyamulani madzi malita awiri m'nyengo yotentha. Chokoyo akanyowa amaterera ngati therere, makamaka potsetsereka, ndiye nsapato zosalala kunsi zisiyeni kunyumba. Jekete yotchinga mphepo isasowe m'chikwama ngakhale kunja kutacha bwino, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko.

Njirayi imadutsa m'mabusa a eni ake. Tsatirani zikwangwani zokhala ndi kachipatso ka mtengo wa oak. Geti mukalipeza lotseka, litsekeninso. Galu akhale pa chingwe pamene pali nkhosa, koma ng'ombe zikayamba kukulondolani mutayeni athawe yekha. Pofika kunyumba dzifufuzeni nkhupakupa kuseri kwa mawondo.

Ku Alfriston musangothera pa tiyi. Pabwalo la mudzi pali tchalitchi cha St Andrew cha m'zaka za m'ma 1300, ndipo pambali pake pali Clergy House, nyumba yofolera udzu imene bungwe losamalira malo ndi nyumba zakale la National Trust linagula mu 1896 pa mapaundi 10, yoyamba mwa nyumba zake zonse. Ife tikaona denga la udzu timati umphawi, kumeneko anthu amalipira kuti alione.

Vuto ndi pobwerera. Ku Alfriston kulibe siteshoni, yapafupi ndi ya Berwick, makilomita ena pafupifupi anayi, ndipo mabasi ndi apatalipatali. Onani nthawi zake musananyamuke kunyumba.