Mzungu amene anagendedwa limodzi ndi Chilembwe

Dzulo kondakitala anandibwezera chenje cha K500, ndipo ulendo wonse ndinkangoyang'ana nkhope ya John Chilembwe ili pamenepo ija. Pa 15 Januwale timamukumbukira chaka chilichonse, koma dzina la Joseph Booth silitchulidwatchulidwa. Mwina n'chifukwa choti anali mzungu, ndipo nkhani ya ufulu wathu timakonda kuisimba mophweka: akuda uku, azungu uko.

Booth, mmishonale wobadwira ku England, anafika kuno mu 1892 ndi kamwana kake kakakazi, Emily. Chilembwe analowa m'nyumbamo ngati wantchito. Tisabise, anayamba ngati bwana ndi mnyamata wake. Emily akadwala bambo ake ali paulendo, amene ankamusamalira anali Chilembwe, ndipo mu 1893 Booth anamubatiza. Komatu Booth sanali ngati azungu ena aja. Ku mishoni yake ku Mitsidi ankalipira antchito ndalama zambiri kuposa anzake, mpaka anzakewo anamuda, ndipo ankanena poyera kuti Africa ndi ya eni ake a mu Africa.

Pamene pamandigwira mtima ndi ku America. Mu 1897 awiriwa anapita kumeneko, patangotha chaka chimodzi khoti lalikulu la dzikolo litagamula kuti kulekanitsa akuda ndi azungu m'sitima si mlandu. Mumzinda wa Richmond ku Virginia, malinga ndi zomwe Booth mwiniwake anasimba, anyamata achizungu ankawalondola n'kumawagenda miyala. Chifukwa chake? Kuyenda limodzi pamsewu basi. Tangoganizani: Booth akanangouza Chilembwe kuti "tsalira pang'ono, undinyamulire chikwama", palibe akanatola mwala. Wakuda woyenda m'mbuyo mwa mzungu sankakwiyitsa munthu. Chowapsetsa mtima chinali kuwaona akuyenda pambali ndi pambali ngati anthu awiri ofanana.

Kwa ine ubwenzi wa nthawi ya tsankho umaonekera pamenepo, pamsewu anthu akuona. Kudyera limodzi nsima chitseko chili chotseka ngakhale bwana wankhanza angathe.

Komweko anasiyana. Mpingo wa Baptist wa anthu akuda unatenga Chilembwe n'kumulipirira sukulu ku Lynchburg, ndipo mu 1900 anabwerera kudzayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Apa sanalinso "mnyamata wa Booth". Ena amati Booth ndiye anamuika Chilembwe maganizo oukira, ndipo zimenezi zimandinyansa, ngati kuti munthu woona thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero ankafunika mzungu womuuza kuti zikupweteka.

Palinso chithunzi cha 1914 chomwe Chilembwe anaima ndi mmishonale wina, John Chorley, onse atavala zipewa. Masiku amenewo wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa. Chorley anaima naye choncho, wojambula n'kujambula. Mmisiri wa zojambulajambula wa kuno kwathu, Samson Kambalu, anapanga chiboliboli kuchokera pa chithunzicho, chinaikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022, Chilembwe ali wamtali kwambiri, Chorley wamfupi pambali pake. Anthu ena anaona ngati kunyoza mzunguyo. Ine ndinaona kuti Kambalu sanamuchotse, pomwe akanatha kutero.

Ndiye musandimve molakwa, sindikunena kuti tiike Booth pa ndalama. Anavutika, inde. Mwana wake wamwamuna anafera kuno ndi malungo, boma la atsamunda linamuletsa kukhala m'dziko muno, ndipo nkhondo ya Chilembwe itachitika anamuthamangitsanso kuchoka ku Basutoland (lero Lesotho) komwe ankakhala, pomuganizira kuti anali nawo m'chiwembucho. Koma mtengo umene awiriwa analipira sunali wofanana ayi, ndipo amene amakonda kusimba nkhani zotere mokometsera, ngati kuti chikondi chinafafaniza zonse, amadumpha pomwepa. Booth anali ndi kwawo kothawira. Anamwalira mu 1932 ku England ali nkhalamba. Chilembwe anamuwombera pa 3 Febuluwale 1915 cha ku Mulanje, tchalitchi chake chanjerwa anachigumula ndi mabomba, ndipo anamukwirira pamalo opanda chizindikiro.