Chenjezo kwa Omanga Siteshoni ya Ozimitsa Moto ndi Ambulansi: Mukusewera ndi Miyoyo

Abale anga, ndilankhulepo ngati mkulu, ndipo wokhumudwa akhumudwe. Tawuni yaing'ono ikapeza ndalama zomangira siteshoni ya ozimitsa moto ndi maambulansi, imeneyo ndi nkhani yabwino, chifukwa nyumba yotere ikamangidwa idzatumikira ana athu ndi zidzukulu zomwe. Koma mmene anthu amachitira nkhaniyi ikafika pamsonkhano n'zomvetsa chisoni. Tsiku lonse limathera pa mtundu wa penti, dzina loti lilembedwe pakhoma, ndi munthu woti adzadule riboni. Palibe amene amadzuka n'kufunsa kuti galimoto idzatenga mphindi zingati kuchoka pageti kukafika kunyumba yakumapeto kwa tawuni. Chonsecho nyumba yonseyo ikumangidwira mphindi zimenezo.

Mvetserani bwino, makamaka inu amene mwapatsidwa udindo wosaina mapepala. Mtima wa munthu ukaima, ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6 wopanda mpweya. Madokotala amanena kuti mphindi iliyonse ikadutsa popanda womupsinja pachifuwa kapena kumuika kachipangizo kodzutsa mtima ndi magetsi, mwayi woti munthuyo apulumuke umatsika ndi 7 mpaka 10 peresenti. Moto nawo masiku ano ndi waliwiro kuposa kale. Akatswiri a UL, bungwe loyesa chitetezo cha zinthu ku America, anayatsa zipinda ziwiri poyesa, china cha mipando yakale ya matabwa ndi thonje, china cha mipando yamakono ya siponji ndi pulasitiki. Chakalecho chinatenga pafupifupi theka la ola kuti chonse chigwire moto. Chamakono sichinafike n'komwe mphindi 5. Poona kufunika kwa mphindi iliyonse, bungwe la NFPA, lomwe limalemba miyezo ya chitetezo cha moto ku America, pa muyezo wake wa 1710 wa ozimitsa moto olembedwa ntchito, linaika kuti anthu avale n'kutuluka m'masekondi 80, ndipo galimoto yoyamba iyende ulendo wake m'masekondi 240. Tawuni yaing'ono yodalira anthu ongodzipereka singakwanitse zimenezo nthawi zonse, ndikudziwa. Koma kulephera kufika pamuyezo n'kosiyana ndi kutaya dala mphindi zimene munali nazo m'manja.

Ndipo zimatayika poyambirira penipeni, posankha malo. Wina akuti tiyeni timange kuseri uko, malo ake ndi otchipa. Wina akuti pali munthu wabwino wapereka malo ulere, tisamukhumudwitse. Malo aulerewo mukapita kukawaona, ali kutsidya kwa mtsinje, njira yake ndi mlatho umodzi wopapatiza, kapena ali kuseri kwa njanji kumene sitima ikamadutsa aliyense amaima, kapena ali m'dambo momwe madzi amaima mvula ikachuluka. Taganizani, tsiku limene madzi asefukira ndi tsiku lomwelo limene tawuni yonse ikuitana thandizo, ndiye opereka thandizowo akhale oyamba kutsekeredwa! Galimoto yozimitsa moto ikadzaza madzi nthawi zambiri imapitirira matani 12. Kodi mlathowo munafunsa injiniya ngati ungasenze katundu wotero? Tengani mapu, lembani pamene pali sukulu, chipatala, msika, malo omwetsera mafuta, msewu waukulu umene ngozi zimachuluka, ndi mbali imene nyumba zatsopano zikulowera. Kenako yendetsani galimoto yeniyeni mutagwira wotchi, masana anthu ali pikitipikiti ndiponso usiku. Ntchito imeneyi ndi ya masiku ochepa, koma anthu akuluakulu amaidumpha chifukwa cha ulesi basi.

Tsopano nyumbayo. Pali maganizo oipa akuti siteshoni ndi galaja chabe, makoma anayi ndi denga, kotero kontilakitala aliyense wotchipa angamange. Mu February 1971 chivomezi chinagwedeza dera la San Fernando ku California. Chipatala cha Olive View chinali chatsopano, koma chinawonongeka kwambiri, ndipo denga la pamalo oimikapo maambulansi linagwera maambulansi omwewo n'kuwaphwanya. Anthu ovulala anali mbwee, galimoto zowanyamula zili pansi pa konkire. Nyumba ya zangozi iyenera kulimba kuposa nyumba zina zonse m'tawuni, chifukwa imayenera kutsala chilili pamene zinazo zagwa. Inu amene mumachepetsa simenti, inu amene mumasintha zitsulo zimene injiniya analemba n'kuikapo zowonda kuti kena kake katsale m'thumba, dziwani kuti mukukumba manda a anthu amene simunawaonepo, mwinanso a mwana wanu yemwe.

Nkhani ina ndi yaposachedwa, ndipo aliyense wokhala m'komiti yomanga aimve. Mu October 2024, m'tawuni ya Stadtallendorf ku Germany, siteshoni yatsopano ya ozimitsa moto inapsa. Moto unayambira pa galimoto imodzi imene inali m'katimo, n'kufalikira holo yonse, galimoto pafupifupi 10 zinathera pomwepo, ndipo katundu wowonongeka anali wa mayuro pafupifupi 20 miliyoni. Nyumbayo inalibe alamu yochenjeza za moto, chifukwa malamulo sankakakamiza kuti iikidwe. Ozimitsa moto anafika n'kupeza zida zawo zomwe zikuyaka. Amenewo ndi anthu odziwa ntchito, a dziko lolemera, koma zinawaonekera. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Siteshoni ya tawuni yaing'ono nthawi zambiri usiku imakhala yopanda munthu, pamene mawailesi, matochi ndi zida zina za mabatire zili pachaja usiku wonse. Ndiye wina akamanena kuti alamu tiichotse pabajeti popeza lamulo silikutikakamiza, mumuuze kuti akhale pansi. Lamulo limanena zochepetsetsa zimene muyenera kuchita. Nzeru zinazo muziika nokha.

Pali zinthu zina zimene sizioneka pachithunzi cha tsiku lotsegulira, ndiye n'zimene zimayamba kudulidwa ndalama zikachepa. Jenereta ndi chimodzi. Zitseko zikuluzikulu zamagetsi zija, magetsi akazima zimatseguka bwanji? Payenera kukhala tcheni chokokera ndi manja, ndipo aliyense wogwira ntchito pamenepo achidziwe ali m'mdima. Zitseko zomwezo muziyeze poganizira galimoto imene mudzagule zaka 15 zikubwerazi, chifukwa galimoto zatsopano zimabwera zazitali ndi zazikulu kuposa zakale, ndipo n'zamanyazi kugula galimoto ya ndalama zambiri n'kumaigoneka panja popeza sikukwana pakhomo. Kutsogolo kwa zitseko pakhale bwalo lokwanira kuti galimoto yonse ituluke, dalaivala aone mbali zonse, asanalowe mumsewu.

Nanga anthu ogwira ntchitowo mumawaganizira? Mu 2012 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zimayambitsadi khansa. Mu 2022 linaikanso ntchito yozimitsa moto m'gulu lomwelo. Komabe mupeza pulani yakuti chipinda chogona chili khoma limodzi ndi galaja, chitseko chili pululu, injini ikalira utsi wonse n'kulowa kumene anthu akugona ndi kudyera. Mupeza zovala zakuda bii ndi mwaye zapachikidwa pafupi ndi khitchini. Ogwira ntchito mu ambulansi amabwera ndi magazi ndi masanzi pa machira ndi pa zovala, koma palibe chipinda chotsukira, mpaka munthu kunyamula yunifolomu yotero kukachapira kunyumba pamodzi ndi zovala za ana ake. Ikani paipi yokoka utsi kutulutsa kunja, ikani bafa, ikani malo ochapira apadera. Anthu amene amalowa m'moto chifukwa cha ife tisawabweze ndi matenda.

Za madzi ndiye ndimachita kusowa mtendere. Anthu amaganiza kuti galimoto yofiira ija ikafika ndiye kuti moto watha. Tawerengerani nokha: thanki ya malita 3,000, paipi imodzi yotulutsa malita 500 pa mphindi, madziwo atha m'mphindi 6. Zikatero galimoto iyenera kulumikizidwa kumpopi waukulu wa ozimitsa moto wa m'mbali mwa msewu, kapena kubwerera kukatunga, moto uli mkati moyaka. Ndiye mukumanga siteshoni koma simunafunse kuti mipopi imeneyi ilipo ingati, ikugwira ntchito ndi iti, ndipo madzi ake ali ndi mphamvu yotani. Kumene kulibe mipopi, thanki yaikulu ya pasiteshoni ndi malo odziwika otungapo madzi ziyenera kukhala m'pulani kuyambira tsiku loyamba. Ndipo inu anyamata amene mumazula zivundikiro ndi zitsulo za mipopi imeneyi kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, inu bambo amene mwamanga mpanda n'kutsekera mpopi mkati, inu mayi amene mwasandutsa pamenepo potayira zinyalala mpaka mpopi wakwiririka, tsiku limene nyumba ya m'dera lanu idzayake mudzaona ozimitsa moto akufukula dothi ndi manja pamene denga likugwa. Mudzawatukwana kuti abwera opanda madzi, koma madziwo munawatseka ndinu.

Akuluakulu a khonsolo, ndalama zomangira zimabwera kamodzi, kaya ndi ngongole, kaya ndi thandizo. Ndalama za mafuta, matayala, mpweya wa odwala, mankhwala, maphunziro ndi malipiro zimafunika chaka ndi chaka. Ngati simunalembe kumene zidzachokere, musanamize anthu kuti mwawabweretsera chitetezo. Ambulansi imene batire lake lafa ndi chimodzimodzi kulibe ambulansi. Mwinanso n'koipirapo, chifukwa banja limadikira pakhomo poganiza kuti thandizo lili m'njira, m'malo mopeza galimoto ina msanga.

Sindikusiyani inu anthu wamba, chifukwa mphindi zambiri zimafera m'manja mwanu. Bwalo la kutsogolo kwa siteshoni si poimika galimoto. Munthu amati ndingoima pang'ono ndigule kanthu, n'kukhoma galimoto, n'kupita. Foni ikulira mkatimo kuti mwana wamira, dalaivala wakwera, chitseko chakwezedwa, injini ikulira, ndipo kutsogolo kwake kuli galimoto yopanda mwini. Wina akuthamanga kulowa sitolo ndi sitolo kufunsa kuti galimoto yoyera iyi ndi ya ndani. Mwiniwake akutulukira akuyenda pang'onopang'ono, makiyi ali m'manja, n'kumati pepani sindinachedwe. Bambo, mwachedwa. Mphindi zimene mwadyazo zinali za mwana uja.

Chimodzimodzi pamsewu. Mukamva sayirini, patukani bwinobwino n'kuima. Musathamangitsane nayo, musaitsatire kumbuyo kuti nanunso mudutse msanga. Mukafika pamalo a ngozi musaunjikane ndi mafoni m'mwamba kujambula munthu amene akuvutika ndi mpweya, mpaka onyamula machira kusowa podutsa. Chithunzi chimenecho mukachiika pa Facebook, mayi ake amve imfa ya mwana wawo kudzera pafoni ya mlendo, inu mwapindulanji? Ulemu wa munthu wovulala unapita kuti?

Ndipo makolo, langizani ana anu za nambala ya zangozi. Nambala ya 999 inayamba ku London mu 1937, pambuyo pa moto wa mu 1935 ku Wimpole Street umene unapha amayi 5, pamene woyandikana nawo nyumba anayesa kuimba foni koma anaikidwa pamzere wodikira. Nambala zoterezi zinabwera chifukwa anthu anafa akudikira. Lero mwana akuimba mwamasewera kunena kuti kwinakwake kwayaka, akuluakulu ali pomwepo akuseka. Mzinda waukulu ungatumize galimoto ina. Tawuni yaing'ono ili ndi imodzi yokha, ndipo ikapita kumoto wabodza kum'mawa, wa kumadzulo amene nyumba yake ikuyakadi alibe womuthandiza.

Mukaimba pa ngozi yeniyeni, nenani malo momveka. Dalaivala usiku sangapeze nyumba ndi mawu akuti pafupi ndi mtengo waukulu uja, kapena kuseri kwa nyumba ya malemu uje. Lembani nambala ya nyumba yanu pageti ndi zilembo zazikulu zooneka ngakhale ndi tochi. Tumani munthu akaime pamphambano kuti akalozere njira. Musadule foni mpaka wolandirayo atakuuzani, chifukwa akhoza kukulangizani chochita ambulansi isanafike. Inu amene mwakulitsa mipanda ndi mashedi mpaka njira yatsala yongodutsa njinga, bwezani malire anu.

Achinyamata, ana anga, m'matawuni ang'onoang'ono ambiri padziko lapansi ozimitsa moto ndi anthu ongodzipereka, amakaniko, aphunzitsi, ogulitsa m'sitolo, amene belu likalira amasiya ntchito zawo n'kuthamanga. Nyumbayo ikatha idzafuna anthu otere, ophunzitsidwa bwino, okhala pafupi. Kalembetseni. Amene simungathe kunyamula paipi, phunzirani kupsinja pachifuwa, chifukwa maphunziro ake ndi a maola ochepa ndipo munthu woyamba kufika pa wodwala nthawi zonse ndi amene anali naye pafupi.

Pulani isanasainidwe pamakhala msonkhano wa anthu onse, ndipo mipando yambiri imakhala yopanda anthu. Pitaniko. Mukapemphe kuona mapu ndi mphindi zimene anayeza, mufunse za alamu, jenereta ndi madzi, mufunse ndalama za chaka chachiwiri ndi chachitatu. Muonetsetse kuti ozimitsa moto ndi ogwira ntchito mu ambulansi apatsidwa mpata wolankhula, chifukwa kawirikawiri amaitanidwa nyumba itatha kale. Akakuyankhani kuti zimenezo tidzaona kutsogolo, muwauze alembe yankho lawo m'maminitsi a msonkhano, ndi dzina la munthu amene adzayankhe.