Mphika wa mwini musamathiremo mchere

Ndakwiya, ndipo ndinena pompano kuti aliyense amve. Mukafika pakhomo pa munthu n'kupeza ndiwo zili pamoto, musazigwire. Musathiremo kanthu. Funsani kaye mwini mphika.

Dzulo m'mawa ndinasiya supu mu slow cooker, mphika wamagetsi wophika ndi moto wochepa, ndikupita kuntchito, monga timachitira ambiri kuno ku UK, kuti uzipsa pang'onopang'ono tsiku lonse, madzulo tingofikira kudya. Pobwera ndapeza timapepala tiwiri ta ma cube okometsera ndiwo pambali pa sinki, botolo la mafuta lili chotsegula, supuni ya mchere ili pomwepo. Alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba kuno, anabwera kudzacheza masana. Anavundukula, analawa, n'kugamula okha kuti mulibe kanthu. Ndikulowa andilandira akumwetulira: "Alamu, ndakukonzerani ndiwo zija. Zinali zosakolera mchere. Achimwene angadye madzi amenewa?"

Achimwene awowo ali ndi BP. Achimwene awowo ali ndi shuga. Alamuwo akudziwa, chifukwa tinawauza tokha. Supu ameneyu sanali wosakolera mchere chifukwa choti ndinaiwala, kapena chifukwa choti sindidziwa kuphika. Ndinamuphika dala choncho. Ndiye munthu angobwera, osafunsa, n'kuwononga mphika wonse m'mphindi ziwiri?

Mumve ntchito imene ili mu mphika umenewu. Kaphikidwe kake ndinapatsidwa ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo mmene iye amaphikira muli nkhuku ndi khungu lake, mbatatesi zambiri, ma cube awiri ndi kirimu pomalizira. Anesi atatipatsa pepala la kadyedwe, ndinakhala pansi n'kuyamba kusintha chimodzichimodzi. Khungu la nkhuku ndimasenda lonse. Mbatatesi ndinachepetsa kwambiri chifukwa zimakweza shuga msanga, malo ake ndinaikamo nyemba ndi kabichi, zimene zimakhutitsa munthu kwa nthawi yaitali. Kirimu ndinachotseratu, m'malo mwake ndimatapa nyemba zina zikapsa, kuzinyenya ndi mthiko n'kuzibwezeramo, msuzi umakhuthala wokha. Nyembazo, makamaka zofiira zija, sumangoziponya mu slow cooker zili zouma ayi. Uziviike usiku wonse, utaye madziwo, kenako zibwate kwambiri pa chitofu mphindi zosachepera 10, chifukwa nyemba zofiira zosapsa zili ndi poizoni amene moto wochepa wa slow cooker sumupha, ndipo zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Zonsezi ndimachita ndisanagone, thupi litatopa.

Msuzi wa ma cube ndinausiya. Ndimaphika wanga wa mafupa a nkhuku, ndiuike mu fuliji, m'mawa mafuta aja agwirana pamwamba poyera, ndiwachotse ndi supuni. Kukoma ndimakufuna kwina. Anyezi ndimakazinga kaye ndi timafuta ta supuni imodzi mpaka afiire, chifukwa anyezi woponyedwa wosaphika mu slow cooker amatuluka wopanda fungo. Adyo wambiri, jinja, tomato, tsabola wa kambuzi pang'ono, ndipo pophula ndimafinyiramo ndimu. Ndimu ameneyo ndi amene amapangitsa lilime kuti lisafunefune mchere. Madzi ndimathira ochepa chifukwa chivundikiro sichitulutsa nthunzi, ndipo masamba amalowa kutatsala theka la ola kuti asasanduke phala. Timchere timene ndimathira ndi toyeza, tokwana mphika wonse, ndikudziwa kuti mbale imodzi mugwera tochuluka bwanji.

Ndiye wina abwere ndi dzanja lake losayeza?

Mchere ukalowa mu msuzi sutuluka. Musandiuze zoponyamo mbatatesi kuti iyamwe, mbatatesiyo imayamwa msuzi wonse pamodzi ndi madzi omwe, wotsalayo amakhalabe wowawa mchere chimodzimodzi. Supu ameneyu anali wa masiku angapo, woti ndigawe m'timakontena, bambo azinyamula kuntchito kuti asamagule tchipisi panjira. Tsopano ndiwapatse chiyani? Nkhuku yapita, nyemba zapita, magetsi a tsiku lonse apita, tulo tanga tapita. Ndipo munthu akuyembekezera kuti ndinene zikomo.

Safunsa anadya phula. Koma apa n'zoipirapo, chifukwa wosafunsayo phulalo akudyetsa wina.

A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi osadzaza. Kuno a NHS, oyendetsa zipatala za boma, amati asapitirire magalamu 6. Umenewo ndi mchere wonse wa tsiku, kuphatikiza wobisala mu buledi, mu soseji, mu zam'zitini. Tatengani paketi ya ma cube amenewa muwerenge kumbuyo. Ambiri chinthu choyamba kulembedwa ndi mchere, kutanthauza kuti ndi umene wachuluka kuposa china chilichonse mmenemo. Anthu amati "sindinathire mchere, ndangothira cube". Cube ndi mchere! Ndiye awiri, kuwonjezanso supuni pamwamba, kwa munthu amene amamwa mapiritsi a BP m'mawa uliwonse.

Ndikudziwa, tinakulira m'nyumba zoti ndiwo zokoma ndi zimene mafuta akuyandama pamwamba. Koma zimenezo sizikupatsani chilolezo cholowa m'khitchini mwanga.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Lilime limazolowera. Munthu akachepetsa mchere, masabata oyamba amadandaula, chilichonse chimamveka ngati madzi, koma pakapita nthawi amayamba kumva kukoma kwa nyemba zenizenizo, kwa tomato, kwa anyezi. Bambo a kunyumba kuno anali atafika pamenepo. Anasiya kuyang'ana kumene kuli botolo la mchere akakhala pa tebulo. Sizinabwere zokha, panali kukangana, panali masiku oti mbale yabwerera ili theka. Ndiye dzulo mlongo wawo awauze pamaso panga kuti "mukuonda, mkazi wanu akukudyetsani za kuchipatala". Mawu amenewo ndi oopsa kuposa ma cube aja. Munthu amene akulimbana ndi matenda mumamulimbikitsa, osati kumuuza kuti akuzunzidwa.

Mukamati mumawakonda achimwene anu, akondeni ndi chinthu chimene chiwasunge ndi moyo. BP siipweteka. Munthu amayenda, amaseka, amagwira ntchito, kenako tsiku lina pakamwa papotoka, mkono sukugwira. Impso zimatha mwakachetechete. Kafukufuku wa 2009 kwathu ku Malawi anapeza kuti pa akuluakulu atatu aliwonse mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Ndani wa ife alibe mbale wake amene anafa ziwalo? Ikadzagwa sitiroko, amene adzasambitse munthuyo, kumutembenuza usiku, kumudyetsa ndi supuni, ndi ineyo. Wothira mchere uja adzangotumiza uthenga pa WhatsApp kuti tikukupemphererani.

Ngati ndiwo zanga sizikukukomerani, mchere uli pa shelefu, thirani m'mbale mwanu. Mbale yanu, osati mphika. Kodi zimenezi n'zovuta kumva? Mphika ndi wa nyumba yonse, ndipo wophika ndi amene akudziwa kuti mudya ndani. Mwina muli wa shuga, mwina wa impso, mwina mwana amene chakudya china chimamutulutsa zidzolo. Simukudziwa. Ndiye musagwire. Ngakhale kuvundukula kumene musavundukule, slow cooker ukamaitsegulatsegula kutentha kumathawa, chakudya chimachedwa kupsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina adokotala adzakupatsani pepala lanu, ndipo mudzafuna kuti anthu alilemekeze.

Ndipo si alamu anga okha. Pitani pa phwando lililonse la a Malawi kuno, kaya ndi chinkhoswe kaya ndi chakudya cha potuluka m'tchalitchi. Munthu akati "ine zakumwa zotsekemera ayi, ndili ndi shuga", pomwepo pabwera wina ndi botolo m'manja: "Imwani inu, tsiku limodzi silipha." Akati nsima mundiikire mtanda umodzi, amuikira itatu, akakana ndiye kuti wayamba matama, wasanduka mzungu. Therere lathiridwa soda wodzaza dzanja, nayenso soda ameneyo angathe kukweza BP, koma ukanena amakuyang'ana ngati wabwera kudzanyoza ophika. Munthu wodwala mpaka azichita manyazi ndi matenda ake, azidya mobisala kapena azingovomera kuti asakhumudwitse anthu. Kenako anthu omwewo ndi amene amabwera kumbali n'kumanong'oneza kuti mapiritsi a kuchipatala amawononga thupi, asiyeni, pali ufa wina wa zitsamba umene akugulitsa mnzawo, umachotseratu shuga m'sabata ziwiri. Wina anafika mpaka potipatsa nambala ya foni. Ameneyo asadzapondenso pakhomo panga.