Dzimbiri la pa sampu landitopetsa

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti dzimbiri la pa sampu, chiwiya chachitsulo chosungira oyilo pansi pa injini, limayamba mwakachetechete kunsi kwa galimoto, kumene munthu sasuzumirako kawirikawiri. Miyala ikakanda penti, matope amakakamira pachitsulocho n'kumasunga chinyezi, moti kunja kumadyeka pamene mkati oyilo akuteteza bwinobwino. Ine ndinazindikira nditaona madontho akuda pansi, ndipo nditapalapo ndi chikhadabo, makoko ofiirira anandigwera kumaso.

Makaniko wina anangopaka penti pamwamba pa dzimbiri lomwelo, osatsuka n'komwe mafuta, ndipo posakhalitsa pentiyo inayamba kusendeka. Anayenera kukwecha ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, kuchotsa mafuta onse, kenaka n'kupaka primer, yomwe ndi penti yoyambira yothandiza kuti penti inayo igwire, ndi penti yopirira kutentha. Tsopano sampuyo yabooka, ndipo ndiyenera kugula ina pamodzi ndi gasiketi yake, yomwe imatseka pakati pa sampu ndi injini kuti oyilo asadonthe.