Tisaiwale mafuta ophikira

Ndikugwirizana ndi mfundo yakuti munthu angathe kuchepetsa thupi popanda kudzizunza ndi njala ngati adya kwambiri zakudya za madzi ambiri ndi makalori ochepa (makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi), monga masamba ndi zipatso. Komabe pali chinthu chimene ambiri timachinyalanyaza, chomwe ndi mafuta ophikira. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pamene ya shuga ili ndi 4, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta imafika pafupifupi makalori 120. Choncho mpiru kapena nkhwani, zomwe pazokha n'zopepuka, zimasanduka zonenepetsa tikathiramo mafuta mpaka ndiwo kumanyezimira.

Ine ndinayamba kuyeza mafuta ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo mumphika, ndinachepetsa nsima kuchoka pa mitanda itatu kufika pa iwiri, kenaka ndinachulukitsa bonongwe, therere ndi nyemba m'mbale, ndipo ndimasamba m'manja nditakhuta ndithu. Chimene chinandivuta kusiya ndi mandasi a m'mawa, omwe amamwa mafuta ambiri pokazinga, koma tsopano ndimamwera tiyi mbatata yophika.