Nyumba yachiwiri ya lendi sindiimanga ndi ngongole yakubanki

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti achimwene, popeza nyumba yoyamba ija muli kale matenanti, bwanji osakaipereka chikole kubanki mutenge ndalama mumalize yachiwiri ija pa poloti yanu ya kutsidya kwa mlatho ku M'baluku kuno ku Mangochi. Ndati ndiyankhe pano kuti aliyense amve. Ine ndakana, ndipo ngati inunso mwangoyamba kumene za nyumba za lendizi ndikukupemphani muyambe mwakhala pansi ndi kakyuleta musanasaine chilichonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mu 2024 Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lino, idakweza policy rate (chiwongoladzanja chimene imabwereketsera mabanki ena) kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamakubwereketsa iwe ndi ine amaonjezerapo zawo pamwamba. Tingoyerekeza watenga K20 miliyoni pa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chokha chaka choyamba ndi cha m'ma K6 miliyoni, kutanthauza K500,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo usanaikhudze nkomwe. Nyumba yanga ya zipinda zitatu imandipatsa K150,000 pamwezi. Ngakhale yachiwiriyo itatha mawa n'kulowa munthu tsiku lomwelo, zonse ziwiri pamodzi ndi K300,000, nanga yotsalayo ichokera kuti? Ichokera pa salale yanga, pa fizi ya ana, pa ndiwo za pakhomo, ndipo mwezi umene tenanti wati bwana mundipirireko malipiro achedwa, banki siimva zimenezo, imangodula basi, ukalephera miyezi ingapo nyumba yoyamba ija yomwe unaivutikira zaka zambiri aigulitsa iwe ukuona.

Ena amati aaa kwacha ikugwa ndiye ngongole imapepuka yokha. Ndikumvetsa ndithu, mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti ndipo tonse tidaona momwe simenti ndi malata zidadumphira mitengo. Koma lendi siidumpha choncho abale anga. Amene amakhala m'nyumba zathu kuno ndi aphunzitsi, manesi, apolisi, anthu oti malipiro awo sakwera mwezi ndi mwezi. Kuno si ku Area 47 ku Lilongwe. Ine nditakweza lendi pang'ono chabe tenanti wanga adabwera madzulo ndi mkazi wake, adakhala pakhonde atanyamula pepala la malipiro kundionetsa mzere ndi mzere zimene zimatsala akamudula, ndipo ndidaona ndekha kuti munthuyu sakunama.

Ndiye chimene ndikuchita ndi ichi. Ndalama ya lendi ikangolowa pa foni sindiigoneka, tsiku lomwelo ndimapita ku hadiweya. Mwezi uno zitsulo, mwezi wamawa mafelemu a mawindo, wina malata angapo ndikukaimika kuchipinda. Simenti yokha ndimagula bilidala akakhala kuti wakonzeka, chifukwa ndi chinyezi cha kunyanja kuno ukaisunga nthawi yaitali imauma m'thumba momwemo. Nyumbayo pano ili pa lintala. Ikuchedwa inde, anthu akadutsa amati yaima, koma njerwa iliyonse pamenepo ndi yanga ndipo ndimagona tulo.

Banki mkhonde sindiikana ayi, koma ikhale ya kumalizira, monga kulumikiza magetsi a ESCOM kapena kukoka madzi, ndalama yoti ubweza pa miyezi iwiri itatu tenanti atalowa. Yoyambira faundeshoni ayi. Za katapila ndiye musayese nkomwe.

China chimene chimandiwawa ndi cha mapepala. Ambiri kuno tili ndi kakalata ka amfumu kokha, lizi kapena title deed (zikalata za boma za malo) tilibe, ndiye m'malo mothamangira ngongole yambani mwakonza zimenezi, chifukwa poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo. Komanso musanagule malo funsani oyandikana nawo kuti nyanja itadzaza mu 2024 madzi adafika pati, tidaona nyumba ndi malo ogona alendo zitamira m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire. Abale athu a ku Joni amene mukutumiza ndalama zomangira, pemphani malisiti ndi zithunzi za pamalopo sabata iliyonse chonde.

Loweruka lino bilidala akubwera kudzayeza denga, malata 18 ndili nawo kale, atsala 14.